Zaka ziwiri zimene ndinali Nyangu ku South Bend

Ana inu, ndiyambe ndi chimene sindinauzepo munthu, ngakhale agogo anu aamuna amene ndimagona nawo chipinda chimodzi: ndinkadziwa. Tsiku limene amayi anu anandiuza m'galimoto kuti ndinawanamiza, ine n'kuyankha kuti ndinangolakwitsa posadziwa mwambo, linali bodza lachiwiri lophimbira loyamba. Mwambowo ndinkaudziwa bwinobwino kuyambira ndili Fomu 1.

Musathamange, ndifotokoza. Koma choyamba musandione m'maganizo mwanu ngati nkhalamba ya ndodo. Pamene ndikulemba izi ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, mano onse alipo kupatula limodzi la kumapeto, ndipo inu simunabadwe. Amayi anu ali ndi zaka khumi, pano ali m'chipinda chinacho akulimbana ndi masamu. Ndizingowatchula kuti Tiya, chifukwa kupereka ulemu wa "amayi anu" kwa munthu amene ndimamukumbutsabe kutsuka mano kukundivuta. Malume anu Dalitso angoyamba kumene kuyenda chogwira mipando. Ndikulemberatu chifukwa kuntchito kwanga, kunyumba yosamalira okalamba kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku Amereka, ndimaona mmene ukalamba umachitira. Munthu amasunga nkhani yake zaka makumi asanu kudikira zidzukulu, zidzukuluzo zikafika iye n'kumazifunsa ngati zabwera kudzakonza wailesi ya kanema. Ndiye ine ndaganiza zokalamba msanga, papepala, mutu ukadali bwino.

Dzina limene ndinaba ndi lakuti Nyangu. Ndikukayika ngati kusukulu kwanu kuno adzakuphunzitsani. Kalekale, Malawi asanakhale Malawi, kunali ufumu waukulu wa Amaravi, ndipo mfumu yake yaikulu inkatchedwa Kalonga. Nyangu silinali dzina la munthu mmodzi. Unali udindo wa amayi ake a Kalonga, kapena mlongo wake, mayi wa mtundu wa Phiri amene mafumu ankachokera m'mimba mwake. Kalonga akamwalira, akuluakulu sankayang'ana ana amene iye anabereka, ankayang'ana ana a Nyangu. Nyangu akamwalira, mayi wina wa m'bere lomwelo, ndiye kuti wa mzere wa amayi womwewo, ankalowa dzinalo, moti Nyangu sankatha. Amati mkulu wina wa banja lachifumu atakwiya n'kuchoka kulikulu, chimene anaonetsetsa kuti watenga chinali Nyangu, podziwa kuti kumene kuli mayiyo ndi kumene mafumu adzabadwire. Dzinalo lili ndi mwini wake mpaka lero, kutsidya kwa malire ku Zambia, ndipo ndikhulupirira kuti mayi ameneyo sanamvepo za ine.

Zonsezi ndinaziphunzira pasekondale yoyendera kufupi ndi kwathu ku Linthipe, titakhala atatu padesiki ya awiri. Buku la mbiri linali limodzi, la aphunzitsi, ndipo ife tinkakopera pabolodi mpaka chala n'kuchita chithupsa. Inu mukafuna kudziwa kanthu mumafunsa foni. Ife tinkafunsa aphunzitsi, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti foni siseka munthu. Aphunzitsiwo atangonena kuti Nyangu anali wa mtundu wa Phiri, ine dzanja m'mwamba.

"Sala, ine ndine Phiri."

"Edina, Phiri wa kwa ndani?"

"Wa kwa bambo."

"Nanga amayi ako?"

"NaBanda."

"Ndiye khala pansi. Phiri wakoyo ndi wa pa rejisitala. Ufumu unkayenda ndi bere, sunkayenda ndi rejisitala."

Kalasi yonse inagwa nako kuseka, ndipo teremu yonseyo ndinali Nyangu wa pa rejisitala. Tsikulo ndinafika kunyumba ndikulira. Amayi anga anali telala, ankasokera pakhonde ndi makina opukusa ndi dzanja. Anamvetsera nkhani yonse, singano ili pakamwa, kenako anailavulira m'dzanja n'kunena kuti, "Ukulirira ufumu? Kaike makala m'simbi, madiresi a ukwati awa akufunika mawa." Simbi ya makala simuidziwa inu. Inali ndi katambala kachitsulo pamwamba kotsekera, ndipo ukaiwala kuipukuta pansi, diresi loyera la mkwatibwi linkatuluka ndi mzere wakuda umene amayi ankaufufuta pamsana pako.

Mwaona tsopano kuti si nkhani yoti munthu angaiwale.

Kuno ndinabwera ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, kutsatira agogo anu a Lameki, amene anabwera kudzaphunzira. Minibasi kuchoka ku Linthipe, nkhuku ya munthu wina pamiyendo panga, ndege zitatu, kenako sitima yochokera ku Chicago, ine nditavala juzi imodzi ya pakaunjika imene ndinkaidalira chifukwa inkandithandiza mu Juni wa ku Dedza. Kuzizira kwa ku Dedza ndi nthabwala, ana inu. Nditatsika pasiteshoni ya ku eyapoti, mphuno yanga inasiya kukhala yanga. Masiku amenewo poyimba foni kumudzi tinkagula kakhadi kopala, mphindi zake n'kutha amayi akadali pa moni wa anthu a m'mudzi mmodzimmodzi. Ndinachita kosi ya miyezi ingapo pakoleji ina n'kupeza satifiketi yothandiza anamwino. Ili m'felemu pakhoma. Imandiloleza kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza anthu amene sangathe kudzitembenuza okha.

Tiya atabadwa tinamutcha Tiyamike. Kusukulu analidula dzinalo, iye n'kukondwera nako kudulidwako. Chichewa ankamva pang'ono, cha "bwera kuno" ndi "siya zimenezo", koma kuyankha kwake kunali m'Chingerezi chokhachokha. Ndikamuitana ndi dzina lake lonse pagulu ankanditembenukira ngati ndamuponda chala. Zimene ankalankhula nthawi imeneyo ndazitembenuza ine, musaganize kuti ankatha.

Ali giredi 2, aphunzitsi awo anawauza kuti aliyense akafotokoze kumene makolo ake anachokera. Linali Loweruka masana, ndikumuluka tsitsi, iye atakhala pakati pa miyendo yanga.

"Ine ndikanena kuti ndife a ku Chicago," anatero.

"Ku Chicago tinangodutsako pa sitima."

"Palibe amene akadziwe."

"Bwanji osanena za ku Malawi?"

Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Mnyamata wina m'kalasi mwawo anali atamufunsa ngati agogo ake amagona mumtengo. Mtsikana wina anali atalengeza kale kuti agogo a agogo ake anali mwana wa mfumu ku Ulaya, ndipo akabweretsa supuni yasiliva yotsimikizira.

"Ife tili ndi chiyani?" anatero Tiya. "Mthiko?"

Ndinali nditagwira mashifiti awiri motsatizana. Sindikunena izi kuti mundikhululukire, ndikungonena. Ndinamva pakamwa panga pakulankhula ndekha ndisanavomereze.

"Supuni? Iwe ukudziwa kuti amene akukuluka tsitsi pano ndi Nyangu?"

Ndinamufotokozera zonse zimene ndakufotokozerani pamwambapa, kupatula chimodzi. Ndinamuonetsa baji yanga ya kuntchito: Edina Phiri. Tinagugula limodzi pafoni, ndipo zinalipodi, Kalonga, Phiri, Nyangu. Ndime yonena za mzere wa amayi inalipo, ndinaiona ikubwera, chala changa chachikulu n'kuikankhira m'mwamba msangamsanga.

"Ndiye inu mukadzafa, Nyangu ndidzakhala ine?"

"Sindikufa panopa. Weramitsa mutu."

Anapita kusukulu atavala chitenje changa, chomwe sabata yapitayo ankati ndi nsalu ya patebulo. Aphunzitsi anamupangira chisoti cha pepala lachikasu, anamujambula, chithunzi n'kutuluka m'kalata ya sukulu. Zikanathera pomwepo. Koma ine, ndi kunyada kwanga, ndinatumiza chithunzicho kwa munthu mmodzi yekha, anti Joyisi a ku Speedway, namwino wamkulu amene anatilandira tonse titangofika kuno. Kuwauza kanthu anti Joyisi n'chimodzimodzi kulengeza pa wailesi. Ola lisanathe chinali pagulu la pafoni la Amalawi onse a ku Indiana.

Apa ndi pamene ndinaphunzira ntchito yake ya dzinali, zimene aphunzitsi aja sanalembe pabolodi. Poyamba zinali zokoma. Tikapita kumapemphero ku Indianapolis, azibambo a madigiri awo ankawerama pang'ono n'kuwomba m'manja mwakachetechete: "Moni a Nyangu." Pamwambo uliwonse ankandikhazika kutebulo la kutsogolo, lija lokhala ndi nsalu. Kenako mafoni anayamba.

"A Nyangu, kukubwera mtsikana wa sukulu Lachinayi, atsikira pasiteshoni yanu ija. Mayi wa mtundu sangasiye mwana pachisanu."

"Anti, ndili pa shifiti."

"Swapani ndi mnzanu. Kodi Nyangu amashifitidwa ndi munthu?"

Mandasi a pamwambo, a Nyangu. Mwana wa uje akufuna womuperekeza kukayesa laisensi, a Nyangu. Banja lakangana ku Elkhart, a Nyangu akalankhule nalo, ine amene ndinali wamng'ono kwa onse awiri. Sofa yathu inagonedwa ndi ana a sukulu ambiri mpaka inachita dzenje looneka ngati munthu. Agogo anu a Lameki tsiku lina anati, "Ine ndinakwatira Edina. Uyu Nyangu akutha mafuta a galimotoyu analowa liti m'nyumba muno?" Koma sanakayike kanthu. Iwo ndi a ku Rumphi, kumene mwana ndi wa bambo ake, ndiye kwa iwo Phiri ndi Phiri basi.

Mpaka kuntchito nkhaniyi inafika. Gogo wina wachizungu amene ndinkamusamalira anaonetsedwa kalata ya sukulu ija ndi mdzukulu wake. Kuyambira tsikulo akaliza belu, ine n'kulowa, ankayesa kuweramitsa mutu papilo pomwepo n'kunena kuti, "Mfumukazi, pepani, ndanyowetsanso."

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangoulula. Chifukwa chake chinali Tiya. Mwana uja anaganiza yekha, popanda womuuza, kuti Nyangu sangalamule anthu ake m'Chingerezi. Anatenga kope n'kuyamba kulemba mawu. Ndikuphika, iye pambali panga: ichi amati chiyani, icho amati chiyani. Anayamba kugwada popereka madzi kwa bambo ake, mpaka iwo anachita mantha kuti mwina waswa kanthu. Tikamacheza ndi alendo, iye amene kale ankathawira kuchipinda, ankakhala pakona ndi kope lake, makutu ali tcheru. Chiganizo chathunthu sankanena, manyazi a lilime anali akadalipo, koma makutu anatseguka. Mwana amene ankafuna kukhala wa ku Chicago anandifunsa tsiku lina ngati ku Linthipe kuli sukulu yoti angakaphunzireko chaka chimodzi. Mukanakhala inu, mukanamuuza tsiku liti? Ine ndinkati mawa. Ndikamuona akulemba m'kope muja mtima unkagunda kawiri, kwina kukondwa, kwina ngati wakuba wamva galu.

Chaka chatha, Dalitso atabadwa, amayi anga anapeza viza yodzandithandiza. Anafika ndi sutikesi yonunkha usipa ndi thelele louma, n'kuyamba kuweruza dziko la Amereka chipinda ndi chipinda. Madzi otentha a pampopi anawavomereza. Makina oumitsira zovala anawakana. "Izi mwangozitenthetsa, simunaziyanike," ankatero, n'kukayanika matewera pakakhonde ka m'mwamba, mpaka a ofesi ya nyumba zathu anatilembera kalata. Ndinayesa kamodzi kuwauza.

"Amayi, anthu kuno amanditchula dzina lina."

"Lotukwana?"

"Ayi, laulemu."

"Ndiye vuto n'chiyani? Bwera naye kuno mwanayo, wamugwira ngati thumba la feteleza."

Ndinasiyira pomwepo. Kwa Tiya ndinanena kuti kwathu dzina limeneli satchula pamaso pa mwini wake wamkulu, ndi mwano. Ndiye ndaona kuti ndawerenga molakwa poyamba paja: limeneli ndiye linali bodza lachiwiri, la m'galimoto lija linali lachitatu. Tiya anamvera. Ankawagwadira agogo akewo, ankawayang'ana ngati munthu wotuluka m'buku, koma kucheza kwawo kunkathera pa "Mwadzuka bwanji" ndi "Zikomo", chifukwa amayi Chingerezi chawo ndi cha mayina a nsalu basi. Chimene ndinadandaula nacho zaka zonse, chakuti mwana wanga salankhula Chichewa, ndi chimene tsopano chinkanditeteza. Ndinapezeka ndikupemphera kuti asafulumire.

Mu Meyi anti Joyisi anakonza phwando lolandira amayi ndi khanda, papaki ina ku Speedway, m'mbali mwa Indianapolis, pafupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto. Ndi mwezi umene magalimoto a mpikisano amayeserera, moti tsiku lonse kumamveka ngati njuchi zalowa m'chitini. Kunali mpunga, nkhuku yootcha, chigumu, ndi thobwa la anti Joyisi limene amapanga ndi mapira ogula kusitolo ya amwenye, lokoma ndithu ngati sunamwepo lenileni posachedwa. Ndinali nditakonza zoti ndiwakhazike amayi kutali, pakati pa azimayi okamba za matenda a shuga. Koma anti Joyisi anali ndi maikolofoni.

"Abale, lero tili ndi mwayi. Zaka ziwiri takhala tikutumikiridwa ndi nthambi, lero kwabwera thunthu. Amayi ake a Nyangu wathu."

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi, chifukwa galimoto ina inali ikudutsa.

"Akukulandirani."

Ndiye ananyamuka a Mbewe. A Mbewe ndi bambo wachikulire wa ku Beech Grove, dokotala wa mabuku osati wa jakisoni, amene anaphunzitsa mbiri payunivesite mpaka kupuma. Zaka ziwiri zonsezo ankandilonjera kuti "a Nyangu" ndi kakumwetulira kakang'ono, osafunsa kanthu, ndipo ine ndinkawalambalala ngati apolisi a pamsewu. Anayenda pang'onopang'ono ndi bondo lawo la opareshoni, anagwada ndi bondo linalo patsogolo pa amayi, n'kuwomba m'manja katatu.

"Takulandirani, naPhiri."

Amayi anacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli munthu.

"Mukulonjera ine, bambo? Ine ndine naBanda. Phiri anali bambo ake a uyu. Anatisiyira dzinalo ndi wailesi yopanda mabatire, iwo n'kupita ku Joni."

"Oho," anatero a Mbewe. "Ndiye a Nyangu athuwa..."

"Nyangu wake uti?"

Anthu onse anayang'ana ine. Amayi nawo anatsatira maso a anthuwo mpaka anandipeza. Ndinaona pankhope pawo khonde lija, makina aja, singano ija pakamwa. Anaweramira kwa ine n'kunong'ona, moti ndinamva ndekha: "Edina, za pa rejisitala zija zinakwera nawe ndege?"

A Mbewe akanatha kudzuka n'kupita kukatenga nkhuku. Koma bondo linakana kuwadzutsa, ndipo mphunzitsi wopuma ukamupatsa anthu okhala chete samawataya. Ali chigwadire pomwepo anafotokoza zonse, m'Chichewa chabwino chosasakaniza: kuti kale mwana ankawerengedwa kwa amayi ake, kuti mayina a bambo anadzalimba ndi masukulu ndi ziphaso, kuti Nyangu amachokera m'bere la Nyangu basi, ndipo mwana wa naBanda, ngakhale baji yake inene chiyani, kwa makolo ndi Banda. Pofuna kutitonthoza anawonjezera kuti, "Koma musadandaule, mayi. A Banda ndi amene ankapereka Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga. Nawonso ndi udindo."

"Ukwati ndinaulawa kale, bambo," anatero amayi. "Zikomo. Muthandizeni adzuke munthuyu."

Anthu anaseka mpaka ena kukhetsa thobwa. Ine ndinkadikira mkwiyo, koma sunabwere. Anti Joyisi anandigwira paphewa akupukuta misozi ya kuseka.

"Iwe, usadzipweteke. Ife timadziwa kalekale kuti ndiwe Phiri wa pa baji. Koma ukanakhala Edina wamba, kusiteshoni kukanapita ndani?"

Ndiye kuti pa anthu onse a ku Indiana, amene anakhulupirira anali atatu: agogo anu a ku Rumphi, gogo wonyowetsa uja, ndi mwana wanga.

Tiya anali kumbuyo kwa mpando wa amayi. Anali atavala chitenje chake, atanyamula beseni ndi jagi kuti asambitse agogo ake m'manja pamaso pa anthu, chinthu chimene anayeserera sabata yonse kubafa. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mawu a a Mbewe akanangomudutsa ngati phokoso la magalimoto aja. Tsopano anamva lililonse, ndipo amene anamunolera makutuwo ndinali ine. Anaika beseni paudzu pang'onopang'ono, osataya dontho, n'kupita kukakhala m'galimoto.

Kuchoka ku Indianapolis kufika ku South Bend ndi maola awiri ndi theka, msewu wowongoka pakati pa minda ya chimanga imene ilibe munthu ngakhale mmodzi wogwira khasu. A Lameki ankadiraiva, ine pambali pawo, kumbuyo amayi, Tiya, ndi Dalitso pakati m'kampando kake. Dzuwa linali likadali m'mwamba. Tinadutsa tauni ya Kokomo. Kenako kumbuyo kunamveka mawu, omveka bwino, opanda kupunthwa.

"Amayi, munandinamiza."

M'Chichewa. Ndi ulemu wake womwe. Chiganizo choyamba chathunthu chimene mwana wanga anandiuza m'chinenero changa, chimene ndinachidikira zaka zisanu ndi zinayi. Akanatha kunena m'Chingerezi, koma ankafuna kuti agogo ake amve nawo mlanduwo.

"Kodi mwanayu amalankhula?" anatero amayi.

Ine ndinayang'ana kutsogolo, kumsewu. Ndikanati eya, ndinakunamiza. Mawu ake ndi awiri okha. M'malo mwake ndinati, "Sindinkadziwa, mwanangu. Ndinkayesa kuti dzina la bambo limakwanira."

Pagalasi ndinaona amayi akundiyang'ana. Anandiyang'ana mtunda wautali, mwina minda itatu. Kenako anatembenukira kwa Tiya.

"Amako kusukulu ankagona," anatero. "Akhululukire."

Tiya anaganiza kaye, milomo ikuyenda, akusonkhanitsa mawu.

"Ndiye ife... ndife ndani?"

"Ife? Ine ndine naBanda, telala. Amayi anga analinso naBanda, ankatcheza kachasu wabwino kuposa wa aliyense ku Linthipe. Apolisi ankabwera kudzawagwira, n'kubwerera akuyimba nyimbo."

"Kachasu n'chiyani?"

"Mankhwala a akuluakulu," ndinatero ine msanga.

"Wayambanso," anatero amayi. "Ndi mowa, mwanangu. Woti ukauthira pamoto umayaka."

Tiya anatulutsa kope lake. Kuyambira pamenepo mpaka kufika kunyumba ine sindinafunikenso. Amayi anatchula amayi awo, ndi amayi a amayi awo amene ankaumba mbiya n'kumakasinthitsa ndi mchere, ndi wina wa kumbuyo kwake amene anakwatiwa kanayi n'kuika amuna onse anayi m'manda iye akadali ndi mphamvu zolima. Tiya ankafunsa ndi Chichewa chothyokathyoka, amayi ankamukonza mopanda chisoni, iye n'kubwereza. A Lameki analankhula kamodzi kokha, tili pafupi kufika: "Ndiye mafuta onse aja anali a chiyani?"

Amayi anabwerera kumudzi patatha miyezi isanu ndi umodzi. Tsopano Lamulungu lililonse masana amaimbirana ndi Tiya pavidiyo, chitseko chotseka, ndipo ndimamva kuseka kumene ndikukayikira kuti kumakhudza ine. Chaka chino kusukulu Tiya anakafotokoza za agogo a kachasu aja. Aphunzitsi anandiimbira foni. Chisoti cha pepala sanamupangire, koma akuti kalasi inafunsa mafunso ambiri kuposa a supuni ija.

Anthu a pagulu la pafoni sanasiye. Tsopano ndine "a Nyangu opuma", ndipo kusiteshoni ndimapitabe, chifukwa ana a sukuluwo amafikadi ndi juzi imodzi. A Mbewe akandiona amangoti "naBanda", n'kukweza chipewa.

Chimene chimandilasa ndi ichi. Tiya anandikhululukira monga mmene munthu amakhululukira mbuli. Nthawi zina ndikumuluka tsitsi amandiphunzitsa, pang'onopang'ono, ndi mawu amene ine ndimalankhulira okalamba anga kuntchito. "Mukumva, amayi? Zimayenda ndi bere. Dzina la bambo ndi la papepala." Ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva koyamba. Amandimvera chisoni kuti kusukulu ndinkagona, ine amene ndinali wachitatu m'kalasi yonse. Ndipo amayi anga, amene sananamepo ngakhale pa muyeso wa chiuno cha kasitomala, ananama tsiku lija chifukwa cha ine, ndipo nkhaniyo sitinaikambeponso.

Ndinkafunsa anthu mozungulira, osatchula dzina: kodi mayi atanamiza mwana pofuna kumuimika, walakwa? Mnzanga wa kuntchito anati ayi. Amayi abusa anati eya, n'kundipatsa vesi. Ndasiya kufunsa, chifukwa onsewo nkhaniyi si yawo.

Pepalali ndilibisa kumbuyo kwa satifiketi yanga m'felemu muja, kumene palibe amene amayang'anako. Mukadzalipeza, dziwani kuti inu ana a Tiya ndinu a m'bere langa, a Banda, zidzukulu za telala ndi za kachasu, kaya mayina anu ndi otani amene lilime langa lidzapunthwe nawo. Inu ana a Dalitso, pepani, kwa ine ndinu a pa rejisitala, koma khalani pansi mumvetsere nawo.

Ndalemba dala m'Chichewa. Ngati mwaipatsa foni kuti ikutembenuzireni, bwezerani pepalali pamene munalipeza, mlanduwu simungaweruze. Koma ngati mwawerenga nokha mpaka pano, ngakhale mochita kuloza ndi chala, ndiye mwadziwa khomo limene Chichewa chanucho chinalowera: Loweruka lina masana, chipeso chili m'dzanja langa, chala chikukankha ndime imodzi pafoni. Ndiye inu nokha mundiuze. Ndinalakwa kodi?

Amayi anu musawaonetse ine ndisanafike pa msinkhu wosazindikira nkhope. Yankho mudzabwere nalo nokha, mudzalinene mokweza, kufupi ndi khutu. Ndikadzakufunsani ngati mwabwera kudzakonza wailesi ya kanema, musadzanditchule Nyangu. Mudzati naBanda. Ndidzatembenuka.